Mbiri ya Andres Oper, Womwetsa Zigoli wa ku Estonia

Mukafunyulula mapu a Ulaya, ndi kuyendetsa chala chanu kumpoto chakum'mawa kufikira pa nyanja imene aitcha Baltic, mudzapeza kadziko kakang'ono kotsamira pa dziko lalikulu la Russia, monga mwanapiye woima pambali pa ng'ombe. Dzina lake ndilo Estonia. Mzinda wake waukulu ndiwo Tallinn, ndipo anthu ake onse, akulu ndi ana pamodzi, angopitirira pang'ono 1,300,000. Kumwera kwake kuli Latvia, ndi kuseri kwa Latvia kuli Lithuania. Kumpoto, patsidya pa madzi, kuli Finland, amene chinenero chake ndi chapachibale ndi cha ku Estonia. Dzikoli ndi lozizira koopsa. Chisanu chao chigwa pa nyengo imene chaka chitha ndi china chiyamba, ndipo pamenepo nthaka iuma gwa ngati mwala ndi kukwiririka pansi pa chipale choyera, kotero kuti mpira wa miyendo wa mu ligi auyamba mu Malichi ndi kuutsiriza chisanu chilikubwereranso.

Ndifuna kukufotokozerani, inu owerenga, mbiri ya mwana mmodzi wa dziko limeneli, Andres Oper, amene anamwetsera mtundu wake zigoli zambiri koposa mwamuna wina aliyense. Koma sindingathe kuyamba ndi iye, pakuti zigoli zake 38 zingaoneke zochepa kwa munthu wosadziwa chimene chinagwera mpira wa dzikolo iye asanabadwe.

Anthu a ku Estonia analengeza ufulu wao pa 24 Febuluwale 1918, atakhala zaka mazana ambiri pansi pa mafumu achilendo. Ndipo monga achitira mitundu yonse yatsopano, anafuna msanga kuti dzina lao limveke pakati pa anzao. M'chaka cha 1920 timu yao inaoloka madzi kupita ku Helsinki, nigonja kwa Finland ndi zigoli 6 kwa 0. Sanataye mtima. Anakhazikitsa bungwe loyang'anira mpira mu 1921, nalowa mu FIFA mu 1923, ndipo mu 1924 anafika ku Paris ku masewero a Olympic, kumene timu ya ku America inawagonjetsa ndi chigoli chimodzi chokha. Analinso ndi chikho cholimbirana maiko atatu oyandikana aja, Estonia, Latvia ndi Lithuania, chotchedwa Baltic Cup. Chimenechi anachitenga katatu, mu 1929, mu 1931 ndi mu 1938. Womwetsa zigoli wao womveka m'masiku amenewo anali Eduard Ellmann, amene pambuyo pake anatenga dzina la Eelma. Iyeyu anamwetsera dziko lake zigoli 21. Sungani dzina lake ndi chiwerengero chimenechi, pakuti tidzakomana nazonso.

Pa 18 Julayi 1940 timu ya Estonia inagonjetsa Latvia ku Tallinn ndi zigoli 2 kwa 1. Tsiku lomwelo asilikali a boma la Soviet anali atadzaza kale m'dzikomo, ndipo mwezi wotsatirawo Estonia anamezedwa, nasanduka chigawo chabe cha Soviet Union. Pa 14 Juni 1941 anthu pafupifupi 10,000, amuna, akazi ndi makanda omwe, anatulutsidwa m'nyumba zao, naikidwa m'mabogi a sitima onyamulira ng'ombe, natengedwa kupita kutali m'kati mwa Russia. Ellmann nayenso anagwidwa chaka chomwecho, ndipo mu Novembala 1941 anamupha m'ndende ya ku Kirov. Asilikali a ku Germany analanda dzikolo kuyambira 1941 kufikira 1944, ndipo atachoka iwo boma la Soviet linabwereranso ndi kukhazikika. Kuchokera pa masewero aja a Latvia panapita zaka 52 timu ya Estonia isanaimenso pa bwalo m'dzina la dziko lake.

Mpira sunafe konse m'zaka zimenezo, koma unasintha eni ake. Matimu ambiri anali a asilikali ndi a anthu olankhula chinenero cha ku Russia amene anadza kudzagwira ntchito m'mafakitale, ndipo eni dziko ambiri anayamba kuuyesa masewero a alendo. Ana ao anatembenukira ku mpira wa manja woponyera mu dengu, basketball, umene anaudziwa kwambiri kotero kuti timu ya Kalev ya ku Tallinn inatenga ukatswiri wa Soviet Union yonse mu 1991. Anthu owerengeka okha ndiwo anasunga moto wa mpira wa miyendo kuti usazime. Mmodzi wa iwo anali Roman Ubakivi, amene anasonkhanitsa anyamata a ku Tallinn m'timu imene anaitcha Mikango. Mwa anyamatawo munatuluka goloboyi Mart Poom ndi wosewera pakati Martin Reim.

Andres Oper anabadwira ku Tallinn pa 7 Novembala 1977. Anali ndi zaka 11 pamene anthu a maiko atatu aja anagwirana manja mu mzere umodzi wochokera ku Tallinn kufikira ku Vilnius, pa 23 Ogasiti 1989, kupempha ufulu wao. Ndipo anali ndi zaka 13 pamene ufuluwo unabwera, pa 20 Ogasiti 1991. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1990, munthu wina dzina lake Aivar Pohlak anayambitsa timu ya Flora, nalinga kuti ikhale nazale yolereramo ana a eni dziko pa mpira. Kumeneko ndiko mnyamata Oper anakalowa, ali ndi zaka 16 zakubadwa kapena kupitirira pang'ono.

Tsono taonani umphawi umene iye anaupeza. Timu ya dziko inayambanso pa 3 Juni 1992, pofanana mphamvu ndi Slovenia, chigoli chimodzi kwa chimodzi. Koma m'masewero khumi a chipulula cha World Cup ya 1994 inamwetsa chigoli chimodzi chokha, ndi kumwetsedwa 27. M'masewero khumi a chipulula cha chikho cha Ulaya cha 1996 inagonja onse khumi. Ngakhale bwalo loyenera analibe. Pa 9 Okutobala 1996 timu ya Scotland inadza ku Tallinn, nidandaula kuti nyale za pa bwalo la Kadriorg sizinali kuwala mokwanira. Akuluakulu a FIFA anasuntha masewerowo kuti achitike masana, ndipo eni mudzi, poona kuti awadzidzimutsa, sanafike. Alendowo anaima okha pa bwalo, woimbira analiza wezulo, iwo anakankha mpira, ndipo patapita kamphindi analizanso wezulo kuti zatha. Nkhaniyi aiseka kufikira lero, koma kwa eni ake inali ya manyazi. Masewerowo anakawabwereza ku Monaco mu Febuluwale 1997, ndipo anatha popanda womwetsa mnzake.

M'timu yotere ndimo Oper analowa pa 19 Meyi 1995, ali ndi zaka 17, pa masewero a Baltic Cup olimbana ndi Latvia. Anagonja. Chigoli chake choyamba anachiyembekeza zaka ziwiri, nachimwetsa pa 8 Juni 1997 pa golo la Sweden; ndipo tsiku limenelonso anagonja, 3 kwa 2.

Pano ndiyenera kuima pang'ono ndi kufotokoza ntchito ya wosewera kutsogolo m'timu yofooka, pakuti amene aonera mpira wa maiko akuluakulu okha saidziwa. Timu yamphamvu itumiza mipira kwa wakutsogolo wake kosalekeza. Akaphonya uwu, wina uli m'njira. Koma timu yofooka ikakomana ndi yamphamvu, anthu ake pafupifupi onse abwerera m'mbuyo kukatchinjiriza golo lao, ndipo wakutsogolo atsala yekha pakati pa adani awiri kapena atatu, ngati mlonda wa m'munda usiku. Athamanga uku ndi uko popanda mpira, kutsekereza adaniwo kuti asayende momasuka; miyendo itopa, chifuwa chitentha; ndipo mwina pa mphindi 90 zonse mpira wabwino umfika kawiri kokha. Pa nthawi imeneyo ayenera kukhala ndi mtima wozizira ngati munthu amene wangodzuka kumene. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindidziwa ntchito ina ya pa bwalo imene mwambiwu uiyenera koposa iyi. Oper anali wamtali ndithu, wamphamvu ndi waliwiro, ndipo liwirolo ndilo linampatsa mwayi wothamangira mpira woponyedwa kuseri kwa otseka kumbuyo. Anasewerera dziko lake kokwana 134, namwetsa zigoli 38. Amene adziwa masamu agawe: apeza zigoli ziwiri pa masewero asanu ndi awiri alionse. M'dziko lalikulu chiwerengero chimenechi sichingadabwitse munthu. Koma m'timu imene inamwetsa chigoli chimodzi pa masewero khumi, ndi chuma.

Zinthu zinayamba kusintha pamene mphunzitsi wa ku Iceland, Teitur Thordarson, anadza mu 1996 kudzaphunzitsa Flora ndi timu ya dziko pamodzi. Iyenso anali wa dziko la anthu ochepa, ndipo anadziwa kuti ochepa apulumuka ndi mwambo, yense kusunga malo ake. Oper anatenga ukatswiri wa ligi ndi Flora katatu. Kawiri mwa katatuko kanagwa m'chaka chimodzi cha 1998, chifukwa chaka chimenecho anasintha nyengo ya ligi kuti iziyamba ndi kutha m'chaka chomwecho, nasewera ligi ina yaifupi yolumikizira.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu Julayi 1999 timu ya AaB ya mumzinda wa Aalborg, imene inali itangotenga ukatswiri wa ku Denmark, inapereka kwa Flora ndalama zokwana madola miliyoni imodzi a ku America kuti itenge Oper. Wina asayese kuti munthu anagulidwa monga mbuzi pa msika. Wosewera alemberana pangano ndi timu yake la zaka zakutizakuti, ndipo timu ina ikamfuna zakazo zisanathe, ilipira kuti panganolo limasulidwe, mwini wake atavomera. Ndalama zotere zinali zisanamvekepo mu mpira wa ku Estonia. Mart Poom anali atatsogola kale kupita ku England; koma goloboyi wa timu yofooka aonekera msanga, popeza mipira imgwera ngati matalala. Kuti dziko losamwetsa zigoli ligulitse womwetsa zigoli, icho ndicho chinali chachilendo. Makolo a ku Estonia amene anali kuyesa mpira wa miyendo chinthu chachabe anaona kuti mwana angathe kudya nao. Oper anakhala ku Aalborg zaka zinayi, ndipo mu 2001 mnzake wa ku Flora, Indrek Zelinski, anamtsata komweko, kotero kuti akutsogolo awiri a timu ya Estonia anali kusewera pamodzi sabata ndi sabata m'dziko la eni.

Masiku awiri ndiwo akumbukika koposa m'mbiri yake. Loyamba ndi 2 Juni 2001, pamene anatsegula bwalo latsopano la Lilleküla ku Tallinn, lolowa m'malo mwa lija la nyale zosawala. Alendo anali a ku Netherlands, pansi pa mphunzitsi Louis van Gaal, ndi akatswiri omveka pa dziko lonse monga Patrick Kluivert ndi Ruud van Nistelrooy. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. M'chigawo chachiwiri Oper anamwetsa, ndipo chimenecho ndicho chinali chigoli choyamba cha pa bwalolo. Alendo anabweza, Zelinski anamwetsa chachiwiri, ndipo kutatsala mphindi khumi zokha kadziko kaja kanali patsogolo, 2 kwa 1. Pomwepo mphamvu zinawathera. Alendo anamwetsa zitatu motsatizana, napambana 4 kwa 2. Anthu anabwerera kwao ali ndi chisoni, komabe anali ataona ndi maso ao chinthu chimene zaka zisanu m'mbuyomo sakadachilota.

Tsiku lachiwiri ndi 27 Malichi 2002. Timu ya Russia, imene inali kukonzekera kupita ku World Cup ya chaka chomwecho, inadza ku Tallinn kudzasewera masewero a ubale. Dzina lokha ndilo linali la ubale. Pa mipando panali ana ndi adzukulu a anthu aja anakwezedwa m'mabogi a ng'ombe, ndipo m'dzikomo munalinso nzika zambiri zolankhula chinenero cha ku Russia, zimene mitima yao inali yogawanika. Estonia anapambana 2 kwa 1, ndipo chigoli chopambanitsa anamwetsa ndi Oper, masewero ali pafupi kutha. Sindinena kuti chigoli chibweza akufa, kapena kuti anyamata a ku Russia amene anasewera tsikulo anali ndi mlandu wa zimene anachita makolo ao. Koma mtundu umene unauzidwa zaka makumi asanu kuti suli mtundu, unaona mwana wake akugonjetsa mbuye wake wakale pa bwalo lofanana, pansi pa malamulo amodzi ndi woimbira mmodzi. Ndipo chodabwitsa ndi ichi, kuti chaka chotsatira, mu 2003, Oper yemweyo anapita kukasewera ku Moscow, m'timu ya Torpedo, nakhalako zaka ziwiri. Wosewera mpira ali ngati mmisiri. Apita kumene kuli ntchito.

M'zaka zimenezi zigoli 21 za Ellmann, zimene zinaima zosapitirirdwa kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, zinapitiriridwa. Zelinski anafika pa 27 nalekeza pamenepo. Oper anapitirira onse awiri. Anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse wa ku Estonia katatu, mu 1999, mu 2002 ndi mu 2005. M'chipulula cha World Cup ya 2006 timu ija inagonja masewero khumi onse inapambana asanu ndi kufanana mphamvu awiri, nisonkhanitsa mapointi 17. Ndipo pa 2 Seputembala 2006, polimbana ndi Israel, Oper anasewerera dziko lake kachi 100.

Za maulendo ake otsala ndinena mwachidule. Mu 2005 anapita ku Netherlands, ku timu ya Roda JC ya mumzinda wa Kerkrade, umene kale unali wa migodi ya malasha, m'malire ndi Germany. Anakhalako zaka zinayi. Mu 2008 timuyo inafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha dzikolo, nigonja kwa Feyenoord 2 kwa 0. Mu 2009 anapita kutali ku China, ku Shanghai Shenhua, koma sanakhalitse; anabwerera ku Netherlands, ku ADO Den Haag, kwa miyezi yowerengeka; ndipo zaka zake zotsiriza anazithera pa chilumba chofunda cha Cyprus, m'matimu atatu a mumzinda wa Larnaca. Imodzi mwa matimuwo, Nea Salamis, inali timu yothawa kwao, pakuti mzinda wake weniweni ndi Famagusta, umene asilikali a ku Turkey anaulanda mu 1974. Mwana wa ku Estonia sakanasowa womfotokozera tanthauzo la zimenezo. Pa 26 Meyi 2014, ali ndi zaka 36, anavala malaya a dziko lake kotsiriza pa bwalo lomwe lija la Lilleküla, polimbana ndi Gibraltar, ndipo anafanana mphamvu, chimodzi kwa chimodzi. Zinali zaka 19 ndi sabata imodzi chiyambire.

Atavula nsapato anaphunzira ntchito ya uphunzitsi wa mpira, pakuti ku Ulaya munthu saloledwa kuphunzitsa timu yaikulu chifukwa cha kutchuka kwake kokha. Ayenera kukhala pansi ndi kulemba mayeso a bungwe la UEFA, gawo ndi gawo. Mu Seputembala 2016 timu ya Estonia inagonja ku Bosnia 5 kwa 0, ndipo mphunzitsi wake wa ku Sweden, Magnus Pehrsson, anachoka. M'malo mwake anaika Martin Reim, mmodzi wa Mikango ija, amene anasewerera dziko lake kokwana 157. Ndipo Oper anakhala womthandiza. Potero anyamata a m'zaka za umphawi zija anatenga timu m'manja mwao.

Aliyense amene anaimapo patsogolo pa ana kuti awaphunzitse adziwa kuti kudziwa chinthu ndi kuchiphunzitsa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ndipo kumwetsa zigoli ndiko kovuta kuphunzitsa koposa zonse za pa bwalo. Wotseka kumbuyo ungamuuze poima, ndipo akamvera achita bwino. Wakutsogolo ungamsonyeze kuthamangira ku mtengo wapafupi wa golo kapena wakutali, kuchedwa pang'ono kuti asapezeke ali kuseri kwa adani mpira usanaponyedwe, kumenya mpira pansi kumene goloboyi avutika kufikako. Ungambwereze zimenezi kazana. Koma kamphindi kaja kosankha, kumenya tsopano kapena kudikira, kali m'thupi la munthu, ndipo mwini wake sadziwa kukafotokoza. Komanso mphunzitsi wa timu ya dziko akhala ndi osewera ake masiku ochepa okha pa chaka. Salera ndiye, angolandira amene matimu ena amlerera.

Zaka zitatu zimene Reim ndi Oper anagwira ntchito pamodzi zinali zosakanizika. Anayamba ndi kugonjetsa Gibraltar 4 kwa 0; mwezi wotsatira anagonja ku Belgium 8 kwa 1. Mu Malichi 2017 anagonjetsa Croatia ku Tallinn 3 kwa 0 pa masewero a ubale, Croatia yemweyo amene anafika m'ndime yotsiriza ya World Cup mu 2018. Koma mu 2019 zigoli zinauma. Pa masewero atatu oyamba a chipulula cha chikho cha Ulaya anamwetsa chimodzi chokha, ndipo chimenechonso anamwetsa ndi wosewera pakati, Konstantin Vassiljev. Womwetsa zigoli woposa onse m'mbiri ya dzikolo anali atakhala pa benchi, akuona ndi maso mipata imene miyendo yake siikanathanso kuithamangira. Pa 11 Juni 2019, ku Mainz, Germany anawagonjetsa 8 kwa 0, ndipo Reim anatula pansi udindo wake. Ine ndiyesa kuti sikuli chilungamo kusenzetsa wothandizira manyazi a ku Mainz, monganso sikuli chilungamo kumveka yekha nkhata ya tsiku la Croatia. Ntchito ya wothandizira ichitika pa bwalo lokonzekera, kumene kulibe oonerera, ndipo sioneka pa chiwerengero cha zigoli.

Kufikira chaka cha 2024 panalibe wosewera wamwamuna wa ku Estonia amene anayandikira zigoli 38 zija. Koma chilipo chinthu chimodzi chimene Oper sanachigwire ndi manja ake m'zaka zake zonse 19 za kusewera, ndicho chikho cha Baltic Cup, chomwe chija anayambira ali mnyamata. Chimenechi chinali kungoyenda pakati pa Latvia ndi Lithuania. Mu Juni 2021 timu ya Estonia, pansi pa mphunzitsi wa ku Switzerland, Thomas Häberli, amene nayenso anali wosewera kutsogolo pa unyamata wake, inagonjetsa Lithuania ku Vilnius 1 kwa 0, ndi Latvia ku Tallinn 2 kwa 1, zigoli zofanana ndi za tsiku lija la mu Julayi 1940. Chikhocho chinabwerera ku Estonia patapita zaka 83.